Manda Awiri a Arzelia Gaines

Achemwali anga, a Arzelia Gaines, anagwira ntchito m'nyumba zitatu za azungu mumzinda wa Natchez, koma kunena zoona linali banja limodzi. A Tolliver, a Renfroe ndi a Marchbanks akhala akukwatirana okhaokha chiyambire nthawi ya ukapolo, msuweni ndi msuweni, kuti minda ya thonje isapite kwa alendo. Mwana wamwamuna amamutcha dzina la kwawo kwa mayi ake, ndiye mumapeza Tolliver Renfroe, Renfroe Marchbanks, Marchbanks Tolliver, mpaka wonyamula makalata kusokonezeka. Iwo amati umenewo ndi ulemerero. Ine ndimangoona anthu oumira.

Ine ndine Isom, mmisiri wa njerwa. Achemwaliwo ndi ine mayi ndi mmodzi, atate ndi osiyana. Atate anga ankakweza mabelo a thonje m'sitima zapamtsinje. Atate a achemwali anali Bwana Tolliver wamkulu, amene amayi ankawachapira zovala. Amayi sanafunsidwe maganizo awo. Mzinda wonse unkadziwa, poti mphuno ya a Tolliver sibisika, koma palibe mzungu amene ananenapo.

Achemwali analowa m'nyumba ya a Tolliver ali kamtsikana, kukalera Dona Cornelia, amene anali mng'ono wawo weniweni. Kumeneko mwambo unali woti mkwatibwi sachoka pakhomo popanda womulera. Cornelia atakwatiwa kwa a Renfroe, achemwali anakwera ngolo imodzi ndi masipuni asiliva ndi bedi la agogo. Mwana wa Cornelia atakwatiwa kwa a Marchbanks, anawasamutsanso chimodzimodzi. Ana onse amene anawasambitsa ankawatcha Zee basi, ngati akuitana mnzawo wosewera naye.

Anakwatiwa ndi a Cleophus Gaines, osula zitsulo, munthu wofatsa wokonda nyemba zofiira ndi mkate wa chimanga. Ankaonana Lachinayi masana ndi Lamulungu. Chaka china a Renfroe anatenga achemwali kupita nawo kunyanja kothawira kutentha, ndipo a Cleophus anadwala chibayo. Uthenga tinatumiza. Dona anati ana sangagone popanda Zee, adikire sabata ithe. Achemwali anafika titaika kale amuna awo m'manda a kutchalitchi kwathu, kunja kwa mzinda. Anagwada pamtumbirapo, anadzuka, m'mawa mwake n'kubwerera kuntchito.

Miyendo itakana, galimoto ya a Marchbanks inadzawatula kwa ine ndi kabokosi kamodzi ka zovala. Mkazi wanga Pearlie ndiye ankawasamala. Tsiku lina masana achemwali anandiitana.

"Isom, ukandiike pambali pa Cleophus. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

"Umamva iwe? Chibadwire makutu akowo ntchito yake ndi kutchinga chipewa kuti chisagwere m'maso."

Pearlie anaseka mpaka kutaya madzi a m'beseni. "Auzeni, alamu. Ine ndinatopa nawo."

"Sindikuseka ayi," anatero achemwali. "Moyo wanga wonse ndagona kumapazi kwa mabedi a anthu. Ndikufuna ndikagone pambali pa mwamuna wanga."

Anamwalira mwezi womwewo, m'chaka cha 1955. Tsiku lomwelo kunabwera Bwana Tolliver Marchbanks, loya wachinyamata, mdzukulu wa Cornelia, mwana womaliza amene achemwali analera. Maso ake anali ofiira. Sindimunamizira, analiradi. Koma chipewa sanavule, ndipo anaima pakhonde langa ngati ndi lake.

"Isom, tagwirizana tonse. Zee tikamuika m'manda athu, mkati mwa mpanda wachitsulo, kumapazi kwa agogo anga, malemu a Cornelia. Chiliza taitanitsa kale."

Mabanja akuluakulu ankatero ndithu. Wantchito wokalamba amene amukonda ankamuika kumapazi kwa dona wake, n'kumati amuchitira ulemu waukulu.

"Palembedwa chiyani pachilizapo, bwana?"

"Zee, wokhulupirika kwa mabanja atatu."

"Dzina lawo ndi Arzelia Gaines. Ndipo anandiuza kuti akagone pambali pa amuna awo."

"Isom, taganiza bwino. Ndi anthu akuda angati amene analowapo mumpanda umene uja? Zee anali wa m'banja mwathu."

Pearlie anandikoka malaya kumbuyo. Ndinkadziwa chimene ankaopa. Nthawi imeneyo ndinali pakati pokonza chumuni cha nyumba ya a Renfroe, ndipo ntchito zanga zonse zinkachokera kwa anthu omwewa. Koma mawu akuti banjawo anandiwotcha pamtima.

"Ngati ndi a m'banja, bwana, akaikeni mzere wakumtunda, pambali pa atate awo. Mulembe dzina la atatewo pachilizapo. Mukatero ndikapepesa ndekha kwa a Cleophus."

Mnyamatayo anafiira khosi lonse. Anayang'ana kumsewu kuona ngati woyendetsa galimoto wamva.

"Wakalamba, Isom. Chisoni chakusokoneza mutu."

"Mutu uli bwinobwino, bwana. Maliro ali Lamulungu kutchalitchi kwathu. Mukabwera, mpando tikupatsani."

Anatsika masitepe n'kukakwera galimoto. Galimoto itapita, Pearlie anakhala pansi pomwepo.

"Bambo inu, mukufuna tiike maliro awiri? Simukanangoti ayi, zikomo?"

"Ayi ndanena."

"Zikomoyo mwamusiya kuti? Pakamwa panupa padzatidyetsa dothi."

Sanalakwitse kwenikweni. Lolemba ndinapeza zida zanga zili kunja kwa chipata cha a Renfroe, chumuni chili pakati. Munthu akayambana ndi mmodzi wa iwo wayambana ndi onse. Wa kubanki ndi msuweni, wogulitsa simenti ndi mlamu, woweruza ndi malume. Palibe amene anandikalipira kapena kundiopseza. Anangosiya kundiona. Munthu amene ndinamanga makoma a theka la msewu wawo ndinayamba kuwoloka mtsinje kukamanga makola a nkhumba kutsidya, ndi mawondo okalamba awa.

Koma Lamulungu lija achemwali tinawaika pambali pa a Cleophus. Tchalitchi chinadzaza, anthu ena anaima panja. Mwa ana onse amene anawalera sanabwere ndi mmodzi yemwe. Anatumiza nkhata ya maluwa ndi woyendetsa galimoto, ndipo iyeyo analowa, n'kuimba nafe. Chiliza ndinaumba ndekha ndi simenti yogula kutsidya. Zilembo zake n'zokhota, poti sukulu sindinapite nayo patali, koma dzina lilipo lonse.

Chimene chimandipweteka mpaka lero chinachitika pambuyo pake. Chiliza chimene a Marchbanks anaitanitsa chinafika, cha mwala woyera wokongola. Sanachibweze. Anachiimika kumapazi kwa Cornelia, n'kudzala maluwa mozungulira. Chaka chilichonse, nyengo imene mabanja amenewa amatsegula nyumba zawo kuti alendo ochokera kutali adzaone, madona amavala madiresi otambalala a makedzana n'kumafotokoza amene anakwatira mnzake. Akatha m'nyumba, ena amapita ndi alendowo kumanda. Mphwake wa Pearlie amasesa kumeneko. Akuti madonawo amaima pamwala uja n'kumati, onani mmene tinkawakondera anthu athu, Zee anapempha yekha kuti asasiyane nafe. Akuti alendo ena amapukuta misozi.

Ndinapitako kamodzi kukaona ndi maso anga. Ndinapeza dona wina wa kwa a Renfroe ali ndi gulu la alendo. Ndinavula chipewa, n'kunena kuti pansi pa mwalawo palibe munthu, ndipo wofuna kuona pamene pagona Arzelia Gaines anditsate, si patali. Donayo anamwetulira, n'kuuza alendowo kuti ndine nkhalamba ya mumzinda muno yosokonezeka pang'ono. Anapitirira kukaona manda a a Tolliver. Palibe amene ananditsata, ndipo ndinapita ndekha kukazula udzu pamanda a achemwali ndi amuna awo.