Asilikali a ababa achuluka

Mwaswera bwanji nonse.

Tangofika kumene kuchokera kuchipatala ku Furancungo ndi ababa, nkhani ya chifuwa chija chomalira ngati wenzulo. Zotsatira za magazi amene anatumizidwa ku Tete zabwera. TB palibe, njoka za m'mimba palibenso. Koma adotolo akuti mtundu wina wa asilikali a m'magazi, otchedwa maeozinofilo, wachuluka mopitirira muyeso. Adzazana m'mapapo n'kutupitsa njira za mpweya, n'chifukwa chake amabanika.

Ababa anangomvapo zoti "asilikali achuluka", basi. Nkhope yonse mwee! Paja tonse tinazolowera kumva pa wailesi kuti asilikali akachepa m'thupi ndiye kuti zavuta. Mu shapa, minibasi imene tinakwera pobwerera, auza aliyense kuti iwo ndi kwartelo yoyenda, kampu yathunthu ya asilikali, mpaka anthu kuwaombera m'manja.

Vuto n'lakuti mapiritsi amene apatsidwa ndi ochepetsa asilikali omwewo, ndiye akukana kumwa. Akuti, "Munthu wanzeru angathamangitse alonda ake?" Akulankhulatu zimenezi akupumira m'mwamba. Chonsecho adotolo achenjeza kuti akazengereza, mapapo awonongeka.

Amayi angowayankha uku akusenda mbatatesi: "Bambo a Rozita, mwaiwala nthawi ya nkhondo? Asilikali atachuluka m'mudzi muno, nkhuku zimene zinatha zinali za adani kapena zathu?"

Panopa ababa akhala pakhonde, mapiritsi ali m'manja. Sanamwe, komanso sanataye.

Achimwene a Zeka, inu ndiye amakumverani. Muwaimbira foni, kapena tiwasiye amayi amalize okha nkhondoyi?