Jekete ya Abambo

Ndinachoka ku Mitundu zipani zambiri zitangoyamba kumene, nditasankhidwa kukaphunzira ku koleji ku Zomba. Amalume atamva kuti ndikukaphunzira zisudzo, anaseka mpaka kutsamwa. "Kuseketsa anthu nakonso kuli ndi digiri?" Ndinkafuna kukaphunzira kayendetsedwe ka gulu la zisudzo, kuti kagulu komwe ndinayambitsa ndi mnzanga Lameki kasiye kusewerera pafumbi kumsika.

Sewero lathu lalikulu linali la matenanti. Ndinalilemba pokumbukira abambo, amene anachokera ku Phalombe kudzalima fodya wa munthu wina mpaka chifuwa chinawatenga. Lameki posewera ankavala jekete yawo yeniyeni, yofiirira, yachigamba pachigongono. Ikangotulukira, anthu ankangoti zii, chifukwa mwini wake ankamudziwa. Tsiku lonyamuka ndinamusiyira jeketeyo ndi manja awiri.

Ku Zomba kunali kuzizira ndi kusungulumwa. Ophunzira zamalamulo ankatitchula kuti "anthu a gule". Patchuthi sindinkapita kwathu. Ndinkanyamulira katundu gulu lina la ku Blantyre, nkumagona m'holo, kuti ndigule makatani ndi zovala za gulu lathu. Amayi ndinkangowatumizira sopo ndi moni. Lameki naye ankatumiza uthenga kuti, "Osadandaula achimwene, tikuitanidwa uku ndi uku." Ndinkanyada kwambiri.

Pobwerera, zisankho zina zikuyandikira, basi inaima pa Nathenje ndipo ndinamva ng'oma yathu. Ndinatsika ndi chikwama changa cha makatani. Unali msonkhano wachipani, ndipo wofuna uphunguyo anali mwini esiteti yomwe abambo ankalimako fodya. Anakhala pampando wandalema, akupukusa mutu motsatira ng'oma.

Kenaka Lameki anatulukira atavala jekete ija, akudzandira, botolo lili m'thumba. Sewero linali langa lomwe, koma analitembenuza ngati thumba. Tenanti anasanduka chidakwa choba fodya usiku nkumagulitsa kwa mavenda, bwana nkukhala munthu wachifundo womukhululukira. Ngakhale chifuwa cha abambo anachisunga, koma tsopano ankatsokomola kuti anthu aseke. Ndipo anasekadi, ena mwa iwo anthu a kwathu omwe ananyamula nawo bokosi la abambo. Mtima unandiwawa kuposa tsiku la maliro.

Lameki ndinamupeza kuseri kwa lole akupukuta thukuta.

"Vula jeketeyo."

"Achimwene, musatero. Inu mumadya buledi ku Zomba, ife kuno timadya chiyani? Choona chija chinatigulirapo ndiwo?"

"Ukanasoketsa ina."

"Ina anthu sangaseke. Imeneyi amaidziwa."

Ndinamulanda, ndipo ndinafika ku Mitundu nditaikumbatira. Amayi ndinawapeza pakhonde, nyumba itafoleredwa ndi malata atsopano. Ndinawafotokozera zonse, ndikudikira kuti alire.

Sanalire. Anatenga jeketeyo, naiyang'ana pachigongono pomwe chigamba chinayamba kusomphoka, kenaka anayang'ana kudenga.

"Mvula ya chaka chatha unali kuti, mwanawe? Malatawa anandigulira ndi Lameki. Bambo ako sazizidwanso. Ndine ndimazizidwa."

Analowa m'nyumba, nabwera ndi singano. Ndinakhala pamenepo ndi digiri yanga ndi makatani anga, ndikuwaona akusoka bwinobwino.

"Ukamubwezere Lameki," anatero akudula ulusi ndi mano. "Loweruka ali ndi msonkhano ku Nkhoma."