Dzira la a Sipoko

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, anthu amawatcha a Sipoko. Akonza njinga pansi pa mtengo umodzimodziwo zaka makumi awiri, ndipo sindinawamvepo akukweza mawu. Kukweza mawu ndi ntchito yanga. Ine ndimawotcherera zitsulo tsidya lina la msewu, ndipo wina akangowanyoza alamuwo, ndimataya magalasi owotcherera n'kuwoloka.

Mlongo wanga amachapa zofunda kuchipatala cha pamtunda. Nyengo ya mvula ankafika kuntchito ali chonyowa, n'kubwerako akutsokomola. Alamu anati amupangira njinga ya mawilo atatu, yotseka ponseponse, yopalasa utatsamira. Mafupa ake nsungwi zong'alula, khungu lake lona, kutsogolo pulasitiki yoonekera. Anaiumba ngati dzira, kumaso kobulungira, kumbuyo kosongoka, ati mphepo izingodutsa osalimbana nayo. Ankamata tiulusi palona n'kuyatsa fani. Pomwe ulusi ukuvina, ati pamenepo mphepo yakwiya, n'kumasulanso. Chilichonse ankakayeza pasikelo ya kubutchala, ngakhale bawuti.

Dziralo linakhala pabalaza zaka ziwiri, alendo akumalandiridwa pakhonde. Mlongo wanga anatopa.

"Bambo, Loweruka likakwera mtunda wa kuchipatala, ndizilikwera. Likakanika, lituluke m'nyumba mwanga."

Alamu anangoti, "Chabwino, mayi."

Madalaivala a pasiteji ankalitcha bokosi la maliro. Mmodzi ndinamugwirapo pakhosi chifukwa cha mawu amenewo.

Lachisanu masana alamu analisiya kushedi kwanga, poti mtunda umayambira pomwepo, iwo n'kupita kukameta. Ndinalidina ndi dzanja. Linawerama! Kwa ife owotcherera, chinthu chikawerama ndiye chatsala pang'ono kuthyoka. Ndinaona m'maganizo alamu anga ali pansi, nsungwi mbwee, madalaivala akugwa nako kuseka. Ndinadula mapaipi awiri ochindikala, ndinawamanga pansi pa mpando, n'kubwezera lona bwinobwino. Sindinawauze. Ndinkati ndidzawauza tikapambana, andithokoze.

Loweruka m'mawa anthu anadzaza msewu. Ine pakamwa sipanatseke.

"Patukani, agalu inu! Lero muona nzeru, osati zanu zoliza hutala!"

Pamalo osalala Dzira linathamanga, mpaka siteji yonse inakhala chete. Pamtunda linayamba kuzengereza. Pakati penipeni linaima, linanjenjemera, kenako linabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka wilo limodzi linalowa m'ngalande.

"Maliro abwerera! Kumanda akana!" anakuwa dalaivala uja.

Mlongo wanga anaphimba kumaso ndi mpango. Ine ndinayamba kulalata kuti msewu ndi woipa, kuti mphepo yasintha. Alamu anatuluka ali thukuta lokhalokha. Ananyamula kumbuyo kwa Dzira ndi dzanja limodzi, analitsitsa, ananyamulanso. Kenako anandiyang'ana.

"Alamu, dzulo linali makilo makumi atatu ndi awiri."

Pamaso pa anthu onsewo sanandiulule. Anangolitulutsa m'ngalande n'kumalikankha okha kupita kunyumba, akusekedwa njira yonse.

Lolemba alamu anabwera kushedi atanyamula mapaipi aja paphewa. Anawatsamiritsa pakhoma.

"Zitsulo zanu izi. Munamanga bwino, zinandivuta kumasula. Koma nsungwi imayenera kuwerama, alamu. Ndi mmene imapirira mabampu."

Akanangondimenya nazo, bola.

Ndinathamangira kwa mlongo wanga, ndinamupeza akukolopa pabalaza pomwe panali Dzira. Ndinaulula zonse nditaima pakhomo.

"Ndiye iwe achimwene, unaima pamenepo n'kumatukwana msewu, mwamuna wanga akusekedwa?"

"Eya."

"Ndipo iwo anadziwa?"

"Anadziwa."

Anafinya chokolopera nthawi yaitali.

"Pabalaza panga silibwereranso, mipando ndabwezera kale. Lipite kushedi kwako. Likadzakwera, ndizilikwera. Koma ukadzalikhudzanso, ndidzakuthyola zala."

Panopa Dzira lili kwanga. Latenga theka la shedi, moti mageti a makasitomala ndimawotcherera panja, padzuwa. Alamu amabwera akaweruka, amasoka lona lomwe linang'ambika m'ngalande muja, amayatsa fani wawo n'kumayang'ana tiulusi. Akafuna sipanala ndimawapatsira nditaima patali, dzanja linalo lili kumbuyo.