Mphuno Imene Munaikana

Bambo, lero chakwana chaka chikuikireni m'manda ku Lifidzi. Sindikanalemba kanthu, koma dzulo mwana wanga anabwera ndi ntchito ya Chingerezi yoti apange chiganizo ndi mawu otanthauza kukana. Atandifunsa chitsanzo, ndinaona nkhope yanu. Tinali anayi ku Ulongwe tsiku lija: inu, ine, amayi ndi kalaliki wolembetsa ana. Ndinkafuna sedula kuti ndilembe mayeso. Kalaliki atafunsa ngati ndinu bambo anga, munandigwira chibwano, n'kunditembenuza nkhope ngati mbuzi yapamsika. Munati, "Mphuno iyi si yakwathu." Amayi anafunsa motsitsa mawu, "Nanga mwabwereranji, abambo?" Inu munati, "Ine ndadzera mbewu ya kachewere." Potuluka munadya mandasi amene amayi anandigulira. Mayesowo sindinalembe.

Tsopano achimwene anu atumiza uthenga kuti ndisonkhe nawo simenti ya chiliza chanu. Ati magazi sabisika, ndine wa pakhomo pomwepo. Azindikira liti? Ndawayankha mwaulemu kuti sindipereka ndipo sindibwera. Gonani, bambo. Akumangireni ana amene munawavomera.