Khasu Lopanda Mpini la Amake Triza

Mukuti amake Triza simuwadziwa? Nanga inu mumadziwa ndani? Anyamata othamangitsa mpira mumawatchula mayina ngati munabadwa nawo mimba imodzi, koma mayi amene wakhala nafe kuno ku Nkopola chiyambire nkhondo ya ku Mozambiki, amene mwadya zigumu zake mpaka masaya kulendewera, mukufunsa kuti Lusia wake uti. Manyazi mulibe. Iwe Nasra mdzukulu wanga, lemba momwemo, usakonze. Ine Abiti Jaffalie m'kalasi sindinalowemo, koma pakamwa panga sipafuna wondithandiza.

Lusia anafika kuno ndi mwamuna wake Che Joaquim nthawi ija anthu ankalowa ku Chiponde ali m'mizere, mapazi otupa. Ambiri anatsalira kumtunda konko kumene ankalandira ufa, koma awa anatsika mpaka kuwoloka Shire, poti Che Joaquim anali ndi amalume awo osodza kuno. Katundu wawo yense anali mphika, khasu lopanda mpini, ndi kamwana kumsana, ndiye Triza ameneyo. Anamanga kuseri kwa nyumba yanga. Tsiku lomwelo ndinamuuza Lusia kuti nkhuku zanga ndimazidziwa zonse ndi nkhope zomwe, isasowe ndi imodzi.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, ine chosowa ndikuchidziwa. Nkhuku zanu zigona bwino."

Ndinadzamva pambuyo pake chimene ankatanthauza. Triza anali ndi mlongo wake wamkulu, Luciano. Mwanayo anapita kusukulu m'mawa wina kwawoko, anthu a mfuti n'kufika pasukulupo, n'kutenga ana. Sanaonekenso. Ndiye Lusia analumbira kuti mwana wake wotsalayu pasukulu sadzapondapo, ngakhale pakhale pogawa nyama.

Koma musaganize kuti ankafuna mwana mbuli. Iyeyo anaphunzirako kumishoni kwawo, ndipo Triza atangoyamba kuyankhula zomveka, Lusia anatsegula sukulu yakeyake pansi pa thandala loyanikapo usipa. Pamwamba nsomba zikuuma, pansi ana akuphunzira, mamba akuwagwera m'mutu. Adzukulu anga awiri, Nasra ameneyu ndi mlongo wake Omari, ndinawakankhira komweko. Mayi awo ankachapa nsalu kuhotela ku Makokola, sukulu ya boma inali kutali kuwoloka msewu wa tala, ya ndalama ndi yunifolomu, ndipo ine makutu anga ankafuna kupuma.

Bolodi linali mchenga, choko chinali bango. Lusia amati akasalaza mchenga ndi chikhatho n'kulemba zilembo, nkhuku zanga zija n'kufika kudzapalasa. Amadandaula kwa ine. Ine n'kumuuza kuti azilembetse nazonso, mwina zingayambe kuikira mazira mwanzeru.

Masamu ankaphunzitsira usipa. Apa m'pamene Omari anaonetsa mphatso yake.

"Omari, tiusipa khumi ito. Chotsapo titatu. Tatsala tingati?"

"Tiwiri."

"Tiwiri bwanji?"

"Onani nokha, amake Triza."

Kuyang'ana pamchenga, tiwiridi. Mwana masaya ali tutumu. Zophatikiza ankakana, amati zimamupweteketsa mutu, iye amakonda zochotsera. Che Joaquim pobwera kunyanja ndi anzawo okoka khoka la chilimila amayang'ana thandala n'kupukusa mutu. "Mayi, anzathu nsomba zawo zimatha ndi akhwangwala. Zathu zikutha ndi maphunziro."

Triza yekha ndiye anali wa mutu. Amalemba dzina lake paliponse, pakhoma, pabwato la eni, tsiku lina pamsana pa mbuzi yanga ndi khala. Nasra anali wapakatikati. Usandiyang'ane choncho, lemba, unali wapakatikati.

Tsono panali phunziro lina lomaliza, limene Lusia sankalidumpha ngakhale kugwe mvula. Phunziro lothawa. Kumudzi kwawo, munthu akaona a mfuti akubwera ankamenya chitsulo kuti mudzi wonse umve. Ndiye khasu lopanda mpini lija analipachika pamtengo wa mango. Akalimenya, ana amayenera kuchita zinayi. Osalira. Osathawira munjira, koma kutchire. Kugwira dzanja aliyense wochepa kuposa iwe n'kupita naye. Ndipo chachikulu, ukabisala osatuluka ngakhale wina akuitane dzina lako lenileni, poti a mfuti nawonso amafunsa mayina. Kutuluka ndi pokhapokha wamva Lusia mwini wake akuitana ngati akuitana nkhuku kuti zidzadye.

Ndinamuuza kuti, "Amake Triza, kuno kulibe nkhondo. Kuno chothamangitsa munthu ndi mvuu ndi apongozi basi."

"Nakwathunso kunalibe, amayi. Inangofika."

Ana ankalikonda phunziro limenelo kuposa usipa. Khasu likangoti ngwe, pabwalo pali zii, ngati sipanabadwe mwana. Tsiku lina ndinafuna kuwayesa. Ndinaima m'mbali mwa bango ndi chigumu chamoto m'manja n'kumaitana, "Omari, Omari wa anganga ake, bwera udzadye." Bango linagwedezeka, ndinamva mwana akumeza malovu, koma sanatuluke. Lusia tsiku limenelo anayenda mudzi wonse mapewa m'mwamba ngati wamanga nyumba ya malata.

Kenaka chinafika chaka chija sukulu inakhala yaulere, chaka chomwecho malole ankanyamula anthu kubwerera ku Mozambiki. Che Joaquim anati iwo sabwerera, nyanja yawazolowera. Mayi a Nasra anakalembetsa ana awo kusukulu ya boma, n'kuwagulira makope. Triza atawaona makopewo anawanunkhiza, n'kupita kukakhala pansi pa thandala yekha. Anasiya kudya.

"Amayi, anzanga akapita ine ndiziphunzira ndi mbuzi?"

"Uziphunzira ndi ine."

"Zanu ndinazitha zonse. Dzulo munabwereza za dzana."

Ine ndinalowererapo, poti pakamwa panga sipadikira kuitanidwa. Ndinati mwana ameneyu mutu wake wakula kuposa thandala, ukamusunga pansi pamenepa adzakhala ngati ine, wodinda chala cha inki pamene anzake akulemba. Che Joaquim nawonso anachonderera, mofatsa monga mwa khalidwe lawo.

"Tsiku limodzi," anatero Lusia. "Apite tsiku limodzi. Pakachitika kanthu kalikonse, ngakhale kupunthwa chala, pasukulu sabwererapo mpaka ine nditafa. Ndipo ine sindimuperekeza. Mapazi anga pamenepo sapondapo."

Ndiye ndinawaperekeza ndine, atatu onse. Triza anadzola mafuta mpaka ntchentche kuterereka. Pasukulupo ana anali ngati usipa wa mwezi wamdima, poti chaka chimenecho aliyense anatulutsa ake, ena makanda enieni mamina ali chuchuchu, ena oyamba kale ndevu. Pamtengo pakati pa bwalo panapachikidwa limu ya tayala la galimoto. Kwawo kwa Lusia aphunzitsi ankaitana ana ndi wenzulo, ndipo ine za kusukulu ndikanazidziwira kuti? Ndinkayesa apachikapo kuti isabedwe.

Anatuluka mphunzitsi wina wamtali, a Bonface, tayi yofiira mpaka pamchombo. Anatola kachitsulo n'kuimenya limu ija mwamphamvu.

Ndinangoona fumbi. Triza wagwira tiana tiwiri, kuno kamodzi kuno kamodzi. Nasra wagwira tiwiri. Omari wagwira kamodzi, dzanja linalo wagwira chimanga chootcha cha kamwanako. Osalira, osatsata njira, molunjika kudambo la kuseri kwa sukulu kumene kuli bango ndi minga. Ana ena oyamba kumene aja ataona anzawo akuthawa anayesa ndiye lamulo la pasukulu, n'kuthamangira komweko. Sitandade wani inatsala ya andevu okhaokha.

A Bonface anaima ndi kachitsulo m'manja, pakamwa yasa. Kenaka anathamangira kudambo, aphunzitsi anzawo pambuyo, makolo pambuyo pawo. Anaitana mayina onse amene anali nawo. Dambo lili zii. Triza anali atawauza anzake onse kuti woyankha dzina amutsina. Mayi wina anayamba kulira kuti ana alowa m'kamwa mwa ng'ona. A Bonface analowa m'minga, n'kutulukamo tayi itasanduka chingwe chomangira mbuzi.

Ndinati, "Aphunzitsi, sungani mmero wanu. Ana amenewa ndinawayesa ndi chigumu chamoto, sanatuluke. Inu mwanyamula chiyani?"

"Nanga titani, anganga?"

"Alipo munthu mmodzi. Koma akabwera, mwana wanzeru kuposa onse pano mwamutaya."

Ndinakwera njinga ya wogula nsomba wina, ine ndi ukalamba wangawu, pamwamba pa dengu. Lusia ndinamupeza akusesa pabwalo pamene anasesa kale, pafupi kukumba chitsime ndi tsache. Atandiona ndili ndekha, tsache linagwa.

"Ali moyo, ali bwino, usandikomokere," ndinatero. "Pasukulu amenya chitsulo. Ana ako achita zimene unawaphunzitsa, ndipo atenga ana a eni mudzi wonse. Akudikira iwe."

Sanadikire njinga. Anathamanga, ine pambuyo pake ndili padengu paja, ndikutukwana maenje. Koma atafika pamene bwalo la sukulu likuyambira anaima njii, ngati pali mtsinje. Anthu onse akumuyang'ana. Kudambo kunalibe njira ina koma kudutsa pabwalo pomwepo, pakati pa makalasi. Anamanga chitenje chake kawiri, n'kudutsa, maso ali pansi.

Atafika m'mbali mwa bango anayeretsa kukhosi n'kuyamba kuitana nkhuku. Zoyamba kufika zinali nkhuku zenizeni, za akazi a aphunzitsi, zikuthamanga makosi patsogolo. Kenaka bango linayamba kubala ana. Matope mpaka m'mawondo, minga m'tsitsi, aliyense wagwira dzanja la mnzake. Womaliza kutuluka anali Triza, akuyang'ana m'mbuyo ngati watsala wina.

"Amayi, onse alipo," anatero. "Palibe analira. Koma Omari wadya chimanga cha mwini."

"Ndimachisunga kuti chisagwe," anatero Omari.

Anthu anaseka, ngakhale mayi wa ng'ona uja. Lusia sanaseke. Anagwira dzanja la Triza n'kunena kuti, "Kanthu kachitika. Tiye kwathu."

Triza sanalire, poti anaphunzitsidwa kusalira. Anangoyang'ana kukalasi kumene sanalowe n'komwe.

A Bonface ndinali nditawafotokozera za khasu ndi za Luciano. Anabwera akuzula minga m'thalauza, n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi, musanapite mundithandize. Ana awa salowa m'kalasi belu lisanalire. Ndikaliza ine, tibwerera kudambo tonse, ndipo tayi ndinali nayo imodzi yomweyi." N'kumupatsa kachitsulo kaja.

Lusia anakayang'ana ngati njoka. Ine ndinati, "Unawaphunzitsa kuthawa ndiwe. Aphunzitsenso kulowa. Kapena sukulu yako ija inali ya phunziro limodzi?"

Anandiyang'ana moipa, diso limene ndimalikumbukira mpaka lero. Kenaka anayang'ana kumsewu. Anayang'ana kutchire, mbali iyi ndi iyo, nthawi yaitali. Kunali mbuzi, ndi mayi wina wosenza nkhuni. Anapita palimu paja Triza ali kudzanja, n'kuimenya pang'ono. Ana onse anadzidzimuka, Omari mwendo unali kale m'mwamba.

"Imani," anatero Lusia. "Cha kwathu chija n'chothawa. Ichi n'cholowa. Mwamva? Lowani."

Anamenyanso kachiwiri, mwamphamvu. Ana anayamba kulowa. Triza anayang'ana dzanja lake limene linali logwiridwabe, n'kuyang'ana amake.

"Nanenso, amayi?"

Lusia anatsegula zala chimodzichimodzi. "Ukhale pafupi ndi windo," anatero.

Tsiku limenelo sanabwerere kunyumba mpaka ana ataweruka. Anakhala pansi pa mtengo wa limu uja. M'mawa mwake anabweranso, ndipo poti munthu sangangokhala manja lende pamaso pa anthu, anabwera ndi beseni la zigumu. Ndi mmene zinayambira zigumu zimene mwakhala mukudya osafunsa dzina la mwini wake.

Lero Triza ndi namwino, ali ndi ana ake awiri, ndipo onse amapita kusukulu. Omari amagulitsa usipa ku Nkhudzi, wonenepa. Che Joaquim anatisiya, tinawaika konkuno. Za Luciano sitinamve kanthu. Khasu lija Lusia analiika mpini, amalimira chinangwa. Iye mwini tsitsi layera, amakhalabe pachipata cha sukulu ndi beseni lake, ndipo belu likalira amatembenukabe kuyang'ana kumsewu asanapatse mwana chigumu.