Fupa la Ng'ombe Pakhosi Panga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwili, masiku a Chitaganya, pamene ndinazolowelana ndi fupa la ng'ombe. Pasukulu ya kumudzi kwathu, kufupi ndi Petauke, aphunzitsi analimanga pachingwe, ndipo aliyense wogwidwa akulankhula Chinsenga ankalivala pakhosi. Wotsala nalo pa Chisanu ankakumba dothi la njelwa pachulu. Fupalo linkanunkha, ntchentche zili pambuyo pako.

Anzanga anapeza nzelu yawo: anangotseka pakamwa. Ine pakamwa panga sipankatsekeka, choncho fupa silinkandichoka. Koma mantha anga anali pena. Kumapeto kwa chaka wansembe wa kumishoni ankabwela kudzacheza nafe m'Chingelezi, kusankha opita ku Sitandade 5. Atate anali atanenelatu kuti, "Akakusiya, munda wa thonje ukukudikila."

Tsiku lina tikuswa nshawa pamphasa, ndinadandaula kwa azakhali, mlongo wawo wa atate, amene analelako ana a azungu ku Fort Jameson. Anaseka.

"Iwe Tisauke, chulucho ukumba ndithu. Nanga uzikumba chabe? Akakuveka fupa, funsa aphunzitsi kuti mawu wagwidwa nawowo m'Chingelezi amati chiyani. Uzibwela nawo kuno."

Tsiku loyamba nditafunsa, aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukundiyesa, mwana iwe?"

"Iyayi aphunzitsi, ndifuna mawa ndisagwidwenso ndi mawu omwewa."

Anandiuza, ndipo m'kupita kwa masiku anayamba kuwonjezela ena ofanana nawo. Mawuwo sindinkagona nawo. Ndinkawanena kwa mbuzi, pachitsime, ngakhale kwa amai amene ankangoti, "Choka apa ndi Chizungu chako." Anzanga ananditcha mkazi wa fupa. Ndinkavomela.

Wansembe atabwela, anafunsa aliyense zimene amachita akaweluka. Anzanga ambili mawu ankawadziwa, ena kuposa ine, koma lilime linali litauma ndi kukhala chete, anangoyang'ana pansi. Ine ndinafotokoza za kutunga madzi, kuthyola thonje, mpaka mkangano wa azimai pachitsime, ndikuphonya apa ndi apo koma osaima. Ananditenga.

Sukulu ndinalekela Sitandade 6, koma ndikudziwa tsopano kuti mawu ali ngati khasu, lopachika limachita dzimbili. Mwana wanga wamkazi wayamba sukulu chaka chino. Akaphonya sindimuseka, ndipo sindimuuza kuti akhale chete. Akafika pakhomo ndimamulandila chikwama, n'kumufunsa, "Lelo wandibweletsela mawu anji?"