Kansalu ka Mayi wa Mboni

Nthawi ya Chitaganya, nditangokwatiwa, amuna anga ananditenga kwathu ku Fort Jameson n'kupita nane ku Ndola. Tinkakhala ku Twapia, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Iwo ankapala matabwa m'tauni, ine n'kumatsala pakhomo, Chibemba changa chili cha moni basi.

Mwana wathu woyamba anabadwa dzinja, ndipo patangotha sabata ndinagwa ndi malungo oti ngakhale ndowa sindinkatha kutukula. Mwezi wathunthu anthu anandisenza. Amayi awiri a kutchalitchi kwathu ku Katolika ankabwera kudzasesa. Mayi wachibemba wogulitsa makala ankanditungira madzi pampopi. Koma amene anakhetsa thukuta kwambiri anali mayi woyandikana nafe nyumba, wa ku Petauke, wa Mboni za Yehova. Ndisanadwale tinkangopatsana moni wapatali chifukwa cha kusiyana mipingo. Komatu ndi iwo amene ankasambitsa khanda m'mawa uliwonse, n'kulibereka kuti ine ndipeze tulo.

Nditachira ndinasowa chowathokozera. Lamlungu lina kunabwera alamu anga, amene ankaphika kwa azungu ku Parklands, ku Kitwe. Anandibweretsera magazini akale ndi buku lalikulu la mapepala olimba limene adona awo anataya. Anati azungu amamata zithunzi za abale awo m'mabuku oterewa. Ine zithunzi ndinalibe, koma ndinaganiza kuti aliyense amene anandidwazika ndimuikire kanthu kake m'menemo.

Ndinayamba ndi kudula mapepala a ngodya zinayi, koma sizasi yanga inali yobuntha, mizere inkangopotoka. Ndiye ndinavundikira kapu ya tiyi patsamba la magazini, n'kuzunguliza pensulo m'mphepete mwake, n'kudula motsatira mzerewo. Kanatuluka kapepala kozungulira bwinobwino ngati mwezi wathunthu. Ndinadula ena ndi sosala, ena aang'ono ndi chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Ndinkamatira ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Tsamba loyamba ndinalinyowetsa mpaka linachita makwinya, ndinachita kulitsindira ndi ayironi ya makala.

Pakati pa mwezi uliwonse wa pepalawu ndinkaikapo kanthu. Amayi osesa aja ndinawamatira timaudzu ta tsache. Mayi wa madzi ndinamudulira chithunzi cha ndowa, pansi ndinalemba zikomo m'Chibemba chake chomwe, "natotela". Mwezi waukulu wa sosala, wachikasu, ndinausungira mayi wa Mboni.

Ndinawapeza akuyanika zovala.

"Amayi, mungandiduleko kansalu kakang'ono ka chitenje chanu?"

Manja awo anaima pachingwe. "Kansalu kanga? Mukachite nako chiyani?"

"Ndi chinsinsi," ndinatero ndikumwetulira.

Anatola beseni lawo n'kulowa m'nyumba. Masiku awiri sanaponde pakhomo panga. Tsiku lachitatu, ndikuyamwitsa, m'pamene nzeru zinandibwerera. Munthu wopempha kansalu ka mnzake, n'kunenanso kuti ndi chinsinsi, kwathu timamudziwa kumene akupita nako. Ndinachita manyazi mpaka thukuta. Ndinabereka mwana, buku m'khwapa, ulendo.

"Odi, amayi. Ndabwera nacho chinsinsi chija."

Tinakhala pakhonde. Anatsegula masamba pang'onopang'ono, akusisita timaudzu ta tsache ndi chala. Atafika pa mwezi wachikasu wopanda kanthu, ndinawauza kuti malo amenewo ndi awo. Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi duku.

"Amake mwana, mwandigonetsa ndi mutu masiku awiri! Ndimati kodi mwana ameneyu ndamulakwira chiyani?"

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chitenje chobiriwira chimene ankaberekera khanda langa, nadula ngodya yake ndi lezala.

"Koma pamwamba mulembepo kuti wochiritsa ndi Mulungu. Ife tinangosambitsa mwana."

Ndinalemba momwemo. Kansaluko tinakadula limodzi mozungulira, iwo atagwira kapu, ine ndikulemba mzere. Kuyambira pamenepo masana ambiri tinkakhala pakhonde lawo. Anandiphunzitsa kuluka zipewa za ana, ndipo za mipingo sitinakanganepo.

Amuna anga analiona bukulo Loweruka ataweruka. Anawerenga masamba onse, kenako anatsokomola.

"Nanga ine, amene ndinadya nyemba zosapsa zophika ndekha mwezi wonse, ndili pati?"

Ndinawauza kuti abweretse kanthu kawo. Lolemba anabwera ndi kachipalo ka thabwa la mukwa, kopyapyala, kopiringizika kokha ngati mphete. Phala linakanika kukagwira. Ndinachita kukasokera patsamba ndi ulusi wakuda, iwo ataima kumbuyo kwanga, akundilangiza kuti ndisakathyole.